Alamu anga ndi mazira a lero

Mukafika ku Bangwe n'kufunsa komwe mungapeze mazira abwino, ngakhale kamwana ka sitandade 2 kakulozerani khomo la alamu anga. Ena amachita kukuperekezani, podziwa kuti wobweretsa kasitomala pakhomo paja sabwerera chimanjamanja. Ine ndikamaona zimenezi ndimaseka chikhakhali, chifukwa ndili m'gulu la anthu amene tikukumbuka kuti si kale kwenikweni pamene khomo lomweli ankalilozanso, koma pochenjezana.

Alamu angawa ndi akazi a achimwene anga aakulu. Chilamu chimandilola kuwaseka mmene ndingafunire, ndipo iwo andipatsa chilolezo cholemba zonse, bola ndisatchule dzina. Akuti dzina likangotuluka m'magazini, achibale a mavuto a fizi adzafika Lolemba lomwelo.

Masiku a mabomba

Kalelo geni ya alamu idali ya pabenchi, kunja kwa mpanda wa nyumba ya lendi. Pankakhala timilu ta tomato, anyezi, mchere, mafuta ophikira omanga m'timapepala, timajumbo ta ufa tija timati walkman, ndipo kumapeto kwa benchi, pomwe dzuwa linkayambira kufika n'kumalizira kuchoka, pankakhala thireyi imodzi ya mazira.

Mazirawo ankakawapikula ku Limbe kwa munthu amene naye adapikula kwa wina, winayo atatsitsa pagalimoto yosadziwika kochokera. Mukadafunsa tsiku limene nkhuku idaikira, onsewo akadangokuyang'anani kukamwa. Kuchoka apo thireyi inkakwera minibasi ili pamiyendo pa alamu, mbali ino thumba la makala, mbali inayo chigongono cha kondakitala. Pofika ku Bangwe, awiri ankakhala atasweka kale.

Masamu a thireyi ndi osavuta koma ndi ankhanza. Muli mazira 30. Kwa wogulitsa wa pabenchi, ochuluka mwa amenewa amangobweza mpamba ndi ndalama yoyendera. Phindu lonse limabisala mwa anayi kapena asanu otsiriza. Ndiye awiri asweke panjira, limodzi libwezedwe kuti ndi lovunda, lina alikazinge achimwene usiku poganiza kuti palibe amene amawerenga. Pakutha pa sabata, alamu ankakhala atalemeretsa mwini minibasi basi.

Mbiri idafika pachimake tsiku lomwe mayi wina woyandikana nawo ankaphika keke ya chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wake. Adaswera mazira m'beseni momwe mudali kale ufa, shuga ndi majarini, ndipo lachisanu lidatulutsa fungo lomwe lidadzutsa ndi galu yemwe pakhonde. Mayiyo sadatukwane. Adangosenza beseni lonselo, kudutsa nalo mumsewu anthu akuona, n'kudzalikhazika pabenchi pakati pa tomato ndi anyezi. "Anzanga," adatero, "ndakubweretserani keke yanu." Kuyambira tsikulo ana a m'dera lija akatumidwa ankati akupita kwa amayi a mabomba.

Ngongole nazo zidamera mizu. Tsiku la banki mkhonde likafika, alamu ankadwala mutu mwadzidzidzi. Wa katapila wina adazolowera khomo lija mpaka ana ankamutchula kuti ankolo. Achimwene, omwe ndi kalipentala, adagamula ali pampando kuti geni ya mazira ndi ya anthu a magalimoto. Ine sindidayankhe, poti nsima yomwe ndinkadya idali yawo.

Ndalama ya perekaniperekani

Zinthu zidatembenukira kuukwati. Kudali kumudzi wina m'boma la Chiradzulu, kupitirira Nguludi, ndipo alamu adali m'gulu la amayi ophika. Mazira a alendo akuchimuna ataperewera, adatumidwa kukagula kwa aphunzitsi, nyumba ya malata kuseri kwa tchalitchi. Asadafike n'komwe adamva nkhuku zikutetera, osati ziwiri kapena zitatu, koma chinamtindi.

Atalowa pabalaza adapeza mathireyi atasanjikizana mpaka pawindo. Mwini nyumba, bambo wachikulire amene adapuma pantchito ya uphunzitsi n'kuika penshoni yake m'khola, adali atakhala pambali, dzanja lili patsaya.

"Bambo, kodi onsewa ndi a ukwati uno?"

"Ayi mayi. Akudikira munthu amene adati abwera Lolemba. Lero ndi Loweruka."

Aphunzitsi sasiya kuphunzitsa, ndiye alamu adalandira phunziro lonse ali chiimire. Nkhuku siidziwa Lamulungu, siidziwa maliro, siidziwa kuti wogula wachedwa. Imaikira, ndipo imadya. M'khola muja mudali nkhuku za mazira pafupifupi 200. Iliyonse imadya magalamu 110 mpaka 120 patsiku, kutanthauza kuti thumba la makilogalamu 50 linkangotha masiku awiri. Zikamaikira bwino zinkadzaza mathireyi oposa asanu tsiku lililonse. Koma wogula wawo wamkulu ankabwera pomwe wafunira, kutenga pangongole, n'kudzalipira atakumbutsidwa, pomwe kusitolo ya chakudya cha nkhuku salandira malonjezo.

Kenaka bamboyo adaitanitsa mbale ziwiri. M'mbale yoyamba adasweramo dzira lotoledwa m'mawa womwewo, likadali lofunda. Chachikasu chake chidaima njo, choyera chili chogwirana mozungulira. M'mbale yachiwiri adasweramo la pansi penipeni pa mulu, ndipo lidangomwazikana mbale yonse ngati phala la madzi. Alamu akuti adagwira pakamwa, chifukwa adalizindikira dzira lachiwirilo: ndilo lomwe adakhala akugulitsa zaka zonsezi, ndipo nthawi zambiri ankagulitsa lokalamba kuposa pamenepo. Atafunsa mtengo, adapeza kuti dzira lofunda la pakhola ndi lotsika kusiyana ndi lotopa la ku Limbe, chifukwa pakhola padalibe manja atatu oti aliyense adyepo.

"Bambo, ndikamabwera chakumasana ndi ndalama m'manja, mungamandisungire a tsiku lomwelo?"

"Mayi, mukamabwera ndi ndalama m'manja, ndikusungirani ndi mpando womwe."

Alamu adamasula mfundo ya pachitenje. Ndalama yomwe idali mmenemo idali ya perekaniperekani, koma idasanduka mathireyi awiri. Madzulo a tsikulo adavina kuposa aliyense pabwalo, akuzungulira lichero mwaluso, osaponyamo ngakhale kakobiri.

Beseni la madzi

Mathireyi awiriwo sadagulike okha. Dzina la mabomba lidali likadalipo, ndipo munthu amene adanunkhiridwapo sabwerera chifukwa chongomva kuti zasintha. Alamu adayambira kwa mayi wa keke uja. Adamutengera mazira asanu ndi limodzi m'kambale, nati: "Anzanga, awa ndi aulere. Muziswera m'kapu limodzilimodzi. Likapezeka loipa, mudzandikhuthulire pamutu beseni lija." Mawa lake mayiyo adabwera ndi ndalama ya thireyi yathunthu, ndipo pofika Lachinayi amayi onse a mumpingo mwake adali atamva.

Pabenchi alamu adaikapo beseni la madzi. Aliyense wokayika ankasankha yekha dzira n'kuliika m'madzimo. Chinsinsi chake n'chakuti chigoba cha dzira chili ndi timabowo masauzande angapo tosaoneka ndi maso. Tsiku ndi tsiku madzi a m'kati amatuluka pang'onopang'ono, ndipo kathumba ka mpweya kamene kali kumbali yaikulu ya dzira kamakula. La lero limamira n'kugona chammbali. La masiku ambiri limaimirira pansi pa madzi. Lakalekale limayandama. Ana omwe aja a mabomba ndiwo adasanduka ochemerera, akumakuwa dzira lililonse likamira. Lonyowetsedwa poyesa silinkabwerera m'thireyi. Woyesayo ankalitenga kukaphika tsiku lomwelo. Dzuwa lisadalowe, benchi linkakhala lopanda dzira ndi limodzi lomwe.

Kusaka makola

Vuto latsopano lidali lokoma: mazira ankatha makasitomala asadathe. Khola la aphunzitsi lokha silikadakwanitsa, ndipo alamu adali ataona ndi maso awo mmene kudalira khomo limodzi kudawasautsira bambo aja. Adayamba kusaka makola ena.

Makola ang'onoang'ono saika zikwangwani kumsewu. Eni ake amaopa akuba, amaopanso matenda obwera ndi alendo. Koma nkhuku 100 sizibisika, chifukwa zimadya ndipo zimasiya zitosi. Alamu adalondola ziwiri zimenezi. Adakakhala panja pa sitolo yogulitsa chakudya cha ziweto ku Limbe, kuyang'ana amene akutuluka ndi matumba a layers mash, n'kumawapatsa moni. Adacheza ndi anyamata a kabaza, poti iwo amadziwa khomo lililonse kumene thumba limakatsikira. Adafunsa alimi a masamba m'madimba kumene amagula zitosi zothira m'mabedi awo. Adapitanso kwa mlangizi wa ziweto, amene amadziwa aliyense wofuna katemera. Safunsa adadya phula. Alamu adafunsa mpaka nsapato zidatha chidendene.

Adapeza mayi wamasiye cha ku Chigumula woweta kuseri kwa nyumba yake, gulu la achinyamata cha ku Bvumbwe omwe adasonkherana n'kumanga khola, ndi banja lina kufupi ndi kwa aphunzitsi komwe. Onsewa nyimbo yawo idali imodzi: kuweta timatha, koma msika. Chodabwitsa n'chakuti onse adali pamtunda woti njinga yamoto ikhoza kupita n'kubwera nsima ya masana isadaphikidwe, pomwe alamu zaka zonsezi ankagula mazira osadziwika kwawo.

Si khola lililonse lomwe adalilandira. Lero amadziwa zoyang'ana. Utuchi wapansi uzikhala wouma. Fungo lisamalase m'maso munthu ali pawaya. Madzi akumwa azikhala oyera, zisa zoikiramo zizikhala zaukhondo, ndipo mwini khola azitha kuonetsa kabuku ka masiku a katemera wa chitopa ndi gumboro. M'kati mwa khola salowa. Amaima panja, ndipo mlimi amene amalowetsa mlendo aliyense osaponda m'madzi a mankhwala amamukayikira. Mathireyi a pepala sachapika, ndiye famu iliyonse ili ndi ake olembedwa chizindikiro, kuopa kusamutsa chitopa kuchoka ku Bvumbwe kupita ku Chiradzulu pamsana pa njinga.

Amafunsanso msinkhu wa nkhuku, ndipo apa m'pamene pali nzeru yaikulu. Msoti umayamba kuikira uli ndi masabata 18 mpaka 20, kuyambira ndi timazira ting'onoting'ono. Pakangopita masabata ochepa, nkhuku zoposa 90 mwa 100 zilizonse zimaikira tsiku lililonse. Zikatha chaka zikuikira, mazira amakula koma amachepa, zigoba zimapyapyala, ndipo mlimi amazigulitsa zikafika masabata 72 mpaka 80. Wodalira makola a nkhuku za msinkhu umodzi amadzakhala miyezi ingapo opanda katundu. Alamu adasankha makola oti lina likamakalamba, lina likhale likungoyamba.

Adatsegulanso njira ina ya anthu okana mazira opanda tambala. Amayi a kumudzi kwa aphunzitsi amawasonkhanitsira a nkhuku zachikuda ndi a nkhuku zakuda zija za Mikolongwe, mtundu wa Black Australorp womwe udafalikira m'midzi kuchokera kufamu ya boma ya Mikolongwe konko ku Chiradzulu. Amenewa ndi ochepa, poti yachikuda imaikira mazira 10 mpaka 15 n'kuyamba kufungatira, pomwe yachizungu imatha kufika 300 pachaka. Ndiye mtengo wake ndi wina. Popeza m'gulu mwake muli tambala, alamu amaliunika dzira lililonse ndi tochi ya foni m'chipinda cha mdima, kuti wogula asakapeze kamwanapiye m'poto. Amayiwo amawakumbutsanso za katemera wa chitopa wodonthezera m'diso, uja amati I-2, wopangidwa ku Lilongwe.

Malamulo a pashelefu

Pakhomo paja tsopano pali malamulo, ndipo ngakhale achimwene amawatsatira. Thireyi iliyonse ikafika imalembedwa tsiku m'mphepete, ndipo yoyamba kulowa ndiyo yoyamba kutuluka. Dzira silitsukidwa, chifukwa limatuluka mwa nkhuku lili ndi kachikuto kosaoneka kotseka timabowo tija. Mukalitsuka mwatsegulira tizilombo khomo. Lodetsedwa limapukutidwa ndi kansalu kouma n'kugulitsidwa msanga. M'thireyi limakhala chozondoka, kosongoka kuli pansi, kuti kathumba ka mpweya kakhale pamwamba. Malo ake ndi pamthunzi podutsa mphepo, kutali ndi palafini, sopo ndi usipa, chifukwa dzira limatenga fungo la mnzake woyandikana naye.

Chimene chidandisangalatsa kwambiri n'chakuti palibe dzira lomwe limasowa mwini. Aakulu amapita kwa ophika makeke. Ang'onoang'ono a misoti amagulitsidwa motsikirapo kwa amayi a ana ambiri. Ong'aluka pang'ono amapita tsiku lomwelo kwa mnyamata wa chiwaya pasiteji, yemwe amakazingira m'chipisi nthawi yomweyo. Ndipo anyamata ogulitsa mazira owiritsa padepoti safuna n'komwe a lero, chifukwa dzira latsopano likawiritsidwa chigoba chimakakamira, n'kumachoka ndi nyama yomwe. Iwowa alamu amawasungira a sabata imodzi, omwe amasendeka bwino. Munthu amene kale ankagulitsa mazira okalamba mosadziwa, lero amachita kuwakalambitsa dala, ndipo amalipidwa.

Amathanso kuyankha mafunso omwe kale akadangowaseka. Wina akadandaula kuti chachikasu chatumbuluka, amamufotokozera kuti mtunduwo umachokera ku chakudya: nkhuku zodya chimanga choyera chathuchi zimaikira otumbuluka, zodya masamba monga bonongwe ndi chisoso zimaikira ofiirira. Wina akati a chigoba chofiira ndiwo opatsa thanzi, amamuuza kuti mtundu wa chigoba ndi wa mtundu wa nkhuku basi. Nkhuku zambiri zimaikira m'mawa, choncho mnyamata wa njinga amazungulira makola dzuwa litakwera, ndipo akangofika alamu amajambula mathireyi n'kuika pa WhatsApp ndi mawu amodzi okha: "Afika!" Foni imayamba kulira ndi mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba.

Chaka cha mayeso

Walira mvula walira matope, ndipo matope adabwera. Mu Novembala 2023 kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mtengo wa chakudya cha nkhuku, womwe udali utakwera kale chifukwa cha chimanga ndi soya, udalumphanso. Pa ulimi wa mazira, chakudya chokha chimatenga magawo pafupifupi 7 mwa magawo 10 a ndalama zonse zolowa. Kudalinso kotentha, nyengo yomwe nkhuku zimapuma wefuwefu, kudya pang'ono, n'kumaikira mazira ochepa a zigoba zofewa. Alimi ang'onoang'ono ambiri adagulitsa nkhuku zawo kuti zikakhale ndiwo.

Aphunzitsi nawo adaimba foni kuti atseka khola. Alamu adapita kubanki mkhonde komwe kuja ankakudwalira mutu, kukatenga ngongole, n'kukawapatsa bamboyo ndalama ya mazira a sabata yonse asadaikiridwe. Adachitanso chimodzimodzi kwa mayi wa ku Chigumula. Matumba adagulidwa, nkhuku zidatsala m'makola.

Patapita nthawi mazira adayamba kusowa m'tauni, ndipo anthu a magalimoto aja adatulukira kumudzi, kulonjeza mtengo wokwera. Pakati pawo padali ndi wa Lolemba uja. Aphunzitsi adamulandira bwino, kumupatsa mpando, kumufunsa za kunyumba, kenaka n'kumuuza kuti: "Pepani bambo, mazirawa ali ndi mwini wake." Alamu akamafotokoza zimenezi amachita kuimirira kuti awatsanzire bwino.

Onani lero

Benchi lija lidapuma pantchito. Pano amakhalira makasitomala podikira chenji. M'malo mwake muli kashopu ka njerwa zowotcha, kozizirira bwino, ka mashelefu kuyambira pansi mpaka kudenga. Tomato ndi walkman adazisiyira mtsikana wina woyamba kumene geni. Mnyamata wa kabaza amene ankawalozera makola tsopano ndi wantchito wawo wa pamwezi. Mazira amapita kumatiyirumu, kusukulu ina ya mkaka, kumalo ena ogona alendo, ndi kwa mayi wa keke uja, yemwe bizinesi yake idakula mpaka amaphika za maukwati. Akakumana awiriwa nkhani ya beseni amailimbirana kuifotokoza.

Kubanki mkhonde alamu ndiwo amasunga bokosi la ndalama, ndipo mutu uja udachira wokha popanda mankhwala. Wa katapila adabwera tsiku lina kudzapempha thireyi pangongole. Alamu adamuyankha mwaulemu wonse kuti: "Achimwene, nkhuku sizidya malonjezo." Adalipira.

Nanga achimwene anga, omwe adati geniyi ndi ya anthu a magalimoto? Iwo ndiwo adakhoma mashelefu a m'shopu. Iwo ndiwo adapanga bokosi la matabwa lapanjinga, lomwe limagwira mathireyi osagwedezeka ngakhale m'misewu ya mabampu. Alimi ataliona adayamba kuwaitana kuti akawakhomere zisa zoikiramo ndi mitengo yogonapo nkhuku, moti ukalipentala wawo lero umadyera nkhuku zomwezo. Ndikawakumbutsa chigamulo chawo chija amati ankanena za mazira ena. Dzira lokazinga usiku likadalipo, koma pano limalembedwa m'kabuku.

Ndalama imatulukanso m'malo omwe kale sankawaganizira. Khola likakalamba, alamu ndiwo amapezera mlimi ogula nkhuku zotopazo, makamaka cha ku Khirisimasi. Aphunzitsi amazitcha anzawo opuma pantchito. Zitosi nazo amalumikiza alimi a m'madimba. M'miyezi ya chiperoni, masana akafupika, iwo ndiwo amakumbutsa alimi kuyatsa babu la sola m'khola, poti nkhuku ya mazira imafuna kuwala kwa maola pafupifupi 16 patsiku kuti isabwerere m'mbuyo.

Kusintha kumene ine ndimakuwerengera kwambiri kuli pamphasa yodyera. Ife tidakula tikumva kuti mwana akadya mazira adzadwala khunyu kapena adzakhala wakuba, ndipo mayi woyembekezera akadya adzabereka mwana wopanda tsitsi. Modabwitsa, mazira oopsawo ankathera m'mbale ya abambo, ndipo abambowo sankadwala kanthu. Chonsecho dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6 a zomanga thupi, m'dziko lomwe kafukufuku wa boma wa 2015-16 adapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Ana a alamu amadya dzira popita kusukulu, ndipo mayi woyembekezera akabwera pashopu amapatsidwa limodzi la banyira pamodzi ndi ulaliki waulere. Mdzukulu wa mayi wa keke, amene mayi ake ankadya mazira mimba yonse, adabadwa ndi tsitsi loti n'kuluka.

Nditawauza kuti kuli tsiku lokumbukira mazira padziko lonse, Lachisanu lachiwiri la mwezi wa Okutobala, adandiyang'ana n'kuseka. "Alamu, inu anthu ophunzira mumakumbukira kamodzi pachaka? Ife kuno n'tsiku lililonse." Ndipo ana a m'dera lija akatumidwa pano amati akupita kwa amayi a lero.

Sadapeze ngongole yaikulu, sadapite kusemina, sadawete nkhuku ndi imodzi yomwe. Adangofupikitsa ulendo wa dzira kuchoka kwa nkhuku kufika m'poto, n'kumalipira mlimi tsiku lomwelo. Kuseri kwa matauni athu onse, kaya ndi ku Lunzu, ku Likuni, ku Mitundu kapena ku Ekwendeni, kuli anthu oweta bwino omwe akusowa munthu wokhulupirika wobwera ndi ndalama m'manja. Inu amene mukuti geni yavuta, yambirani pakhomo pa sitolo ya chakudya cha nkhuku, mufunse amene akutuluka ndi thumba kumene akupita nalo. Ndipo inu ogula, musachite manyazi kufunsa tsiku lomwe dzira lidaikiridwa. Wogulitsa amene sangakuyankheni, musiyireni mazira akewo.